Kalata kwa akuluakulu a mayunivesite a kumpoto: musanadule riboni, sankhani munthu wake

Kwa inu akuluakulu oyendetsa sukulu zaukachenjede za mu Mzuzu ndi chigawo chonse cha kumpoto, makhonsolo anu, komanso inu a ku unduna woona za maphunziro apamwamba,

Landirani moni wanga mwaulemu. Ine ndine mmisiri wa zitsulo, shedi yanga ili ku Luwinga. Mafelemu a mawindo, zitseko ndi mageti ndi zomwe zimandipatsa ya ufa ndi fizi ya ana, koma mtima wanga uli pa makina: zotonolera chimanga, nyundo ndi masefa a chigayo, mbaula, ngolo. Kunyumba timayankhula Chitumbuka. Ndalemba m'Chichewa kuti kalatayi iwerengedwe ndi ku Capital Hill komwe, chifukwa zina mwa zomwe ndikupemphazi makiyi ake ali kumeneko. Nkhani yanga ndi ya munthu woti aziyendetsa malo a kafukufuku wa dizayini, luso ndi tekinoloje m'mayunivesite athu.

Chaka chilichonse, nyengo ya mapulojekiti a chaka chomaliza ikafika, ana a m'makoleji osiyanasiyana amafika pa shedi yanga atanyamula mapepala. Amati, "Adada, tipangireni ichi." Ndimawalandira ngati ana anga. Ena zojambula zawo n'zosatheka, bawuti ali pamalo pomwe sipanala singalowe, ndipo timakhala pansi n'kukonza limodzi. Ena amabwera ndi nzeru yoti ine, ndi zaka zanga zonse pa moto wa rodi, sindinaiganizepo. Mmodzi mwa amenewa ndiye wandilembetsa kalatayi.

Anali mtsikana wa ku Nkhata Bay, wokulira pa kondowole. Aliyense wa kunyanja akulidziwa vuto lomwe anabwera nalo. Chinangwa chikaviikidwa n'kuvuulidwa chimafuna dzuwa, pomwe mvula ya kumeneko imachedwa kuleka. Dzuwa likabisala masiku awiri kapena atatu, chinangwa chimachita chuku, ufa umada, nsima yake ana amaikana, ndipo pamsika palibe amaugula. Iye anajambula choumitsira: bokosi la malata la mathireyi 6, kutsogolo kwake lata lopaka utoto wakuda lokutidwa ndi pulasitiki yoonekera kuti lizikola kutentha kwa dzuwa, ndi kafani koyendera sola kokankhira mpweya wotenthawo m'kati. Tinachipanga m'masabata atatu. Pochiyesa, mathireyi a m'munsi anauma bwinobwino, koma a pamwamba anatsala onyowa, chifukwa mpweya pofika kumeneko unali utamwa kale chinyezi cha m'munsi. Vutolo linali laling'ono. Kuchepetsa mathireyi, kutalikitsa chumuni, kukuza pakamwa polowera mpweya, basi. Tonse awiri tinaliona. Koma tsiku lopereka linali litafika, ndipo ndalama yomwe makolo ake anapeza atagulitsa mbuzi inali itatha. Tinachipaka penti wobiriwira, n'kuchikweza pa kalole.

Anakhoza bwino, ndipo anayeneradi. Patatha chaka ndinapita kusukulu yakeyo kukawotcherera mabagala, n'kuchipeza choumitsira chija kuseri kwa chipinda china, udzu utamera m'miyendo mwake, fani atachotsa, dzimbiri litayamba m'makona. Pambali pake panali makina ena angapo, awiri mwa iwo ochokera m'manja mwanga momwemu. Sukuluyo sindiitchula, chifukwa zomwezi ndaziona kwina, ndipo si mlandu wa munthu mmodzi. Mphunzitsi anachita mbali yake, anaphunzitsa, anachonga. Mwana anachita yake. Ine ndinalipidwa. Koma panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali kunena kuti, "Chapangidwa koyamba, tsopano tichipange kachiwiri, tikachisiye ku Chintheche mvula yonse, tione." Amayi a ku Nkhata Bay akuyanikabe pa mphasa, maso ali kumwamba.

Chinthu chatsopano sichigwira pa ulendo woyamba, mmisiri aliyense akudziwa. Chotonolera chomwe ndimagulitsa lero n'chachisanu. Zinayi zoyambazo zinkaswa maso a chimanga kapena kutsamwa ndi zitsononkho. Ndiye ndikamamva kuti masiku ano mayunivesite akutsegula malo a kafukufuku wa dizayini, luso ndi tekinoloje, ndimasangalala, komanso ndimachita mantha. Anzathu anayamba kale. Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, ili ndi design studio, chipinda chojambulira ndi kupangira zinthu zatsopano, MUST ku Thyolo ili ndi yake, a UNDP anathandiza kutsegula malo enanso otere otchedwa UniPod ku MUBAS komweko, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya ma drone mothandizidwa ndi UNICEF. Kuno nafe tikuwafuna malo otere, ndipo masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, akamanena za mafakitale, mafakitalewo sangamere popanda malo oyesera zinthu. Mantha anga ndi akuti mudzayamba ndi nyumba, chikwangwani ndi riboni, za munthu woyendetsa malowo n'kudzaganiza pomaliza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kaya nyumbayo mwamanga kale, kaya ikadali pa pepala, ndikupempha kuti nzeru zanu zonse zipite pa munthuyo, ndipo ntchito yake ilembedwe momveka: kutenga chinthu chopangidwa koyamba n'kuchiperekeza mpaka chikafike m'manja mwa wochifuna, chikugwira ntchito, choti chikathyoka mmisiri wa pafupi n'kuchikonza.

Zimenezi si zachilendo kumpoto kuno. Azungu asanabwere, Aphoka a m'mapiri a Rumphi ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kusula makasu omwe ankagulidwa kutali. Dr Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, buku ndi chipangizo zinkayendera limodzi: anyamata ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi telegirafu, ndipo pofika 1905 ku Livingstonia kunali kukuyaka magetsi opukusidwa ndi madzi. M'masiku athu ano, a Nkosi a m'mudzi wa Yobe Nkosi ku Mzimba, opanda digiri ya uinjiniya, anayamba ndi dayinamo ya njinga, kenako kompuresa ya firiji yakale, kenako mota ya chotonolera chimanga chotayidwa, mpaka nyumba za m'mudzi mwawo zinawala ndi madzi a mumtsinje. Mwaona? Koyamba, kachiwiri, kachitatu. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anamanga makina ake a mphepo mu 2002 atasiya sukulu chifukwa cha fizi, ndipo panatha zaka zinayi atolankhani asanamupeze. Ndi angati otere ali ku Usisya, ku Mpherembe, ku Nthalire, omwe palibe wawafikira? Mtsogoleri yemwe ndikumunenayu akhale wokonda kuyenda, wosaopa fumbi.

Poyambira palipo. Mzuni, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ili ndi TCRET, likulu loyesera zipangizo za sola ndi mphamvu zina, komanso likulu la madzi ndi ukhondo lomwe laphunzitsa amisiri kuboola zitsime ndi manja ndi kupanga mijigo ya chingwe. Mjigo umenewu ndimaulemekeza. Gudumu lake n'lochokera ku tayala lakale, ndiye chingwe, timawashala ndi paipi. Ukavuta, mwini wake amaukonza yekha nsima isanapse.

Pali chitsanzo chimodzi cha m'dziko momwe muno chomwe ndikufuna muchiyang'ane modekha. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, ndipo makina owathandiza, otchedwa CPAP, anali okwera mtengo moti zipatala zathu sizikanawakwanitsa. Ophunzira a Rice University ya ku Houston, motsogozedwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anagwira ntchito ndi madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa iwo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dr Kondwani Kawaza. Makina oyamba anali timapampu tomwe amaika m'mabokosi owetera nsomba za m'nyumba, toikidwa m'kabokosi ka pulasitiki, ndi botolo la madzi. Akanatha kulekera pomwepo, kujambulitsa, kulandira malikisi, aliyense kwawo. Koma anawalowetsa m'wodi mu 2012, ndipo mwa ana omwe anaikidwa pa makinawo, 71 pa 100 alionse anapulumuka, pomwe mwa omwe ankalandira okosijeni wa m'mphuno yekha anapulumuka 44. Anamwino ankanena povuta, mainjiniya n'kusintha, n'kubweretsanso. Anaphunzitsa owagwiritsa ntchito ndi owakonza. Makinawo anapatsidwa dzina lathu, Pumani, n'kufalikira m'zipatala za boma m'dziko lonse. Zinatenga zaka. Ophunzira oyamba aja anamaliza n'kupita, koma ntchito sinapite nawo, chifukwa panali atsogoleri okhazikika omwe ankaigwiriziza chaka ndi chaka. Choumitsira cha mtsikana uja chinasowa munthu wotere. Chomwe chimandipweteka pa Pumani n'chakuti pofika popanga makina ambiri, ntchito inapita ku kampani ya ku California. Wathuyu azifunsa kuyambira tsiku loyamba kuti, chikagwira, adzachipanga ndani kuno?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti yunivesite si galaja, ntchito yake ndi kafukufuku. Zoona, ndipo ine sindikufuna kuti mutilande makasitomala a mageti. Koma kuyeza kuti mpweya ukutentha bwanji pa thireyi iliyonse, chinyezi chatsala chochuluka bwanji mu ufa, chuku chikuyamba pa ola lanji, ndi kuwawa kwa chinangwa kwachoka kapena ayi, ameneyo ndi kafukufuku weniweni, ndipo ine pa shedi sindingamuchite chifukwa ndilibe zoyezera. Inu muli nazo, kapena mungazipeze.

Tsono munthuyo mumupeza bwanji? Chidziwitso cha ntchito chikatuluka m'nyuzipepala chidzafuna PhD, zaka zakutizakuti zophunzitsa, mapepala akutiakuti osindikizidwa. Sindikunyoza zimenezo. Munthu wosadziwa kafukufuku sangasiyanitse chinthu chogwiradi ndi chongooneka ngati chagwira, ndipo sangalembe mapepala okopa ndalama. Koma wonjezerani funso limodzi: "Tisonyezeni chinthu chomwe munapanga, chomwe lero munthu amene si m'bale wanu akuchigwiritsa ntchito." Chikhale chitsulo, pulogalamu ya pa foni, nsalu, mpando, kaya paketi ya uchi. Akachitchula, pitani nokha mukachione komwe chili. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mumufunsenso chomwe chinamukanika ndi chifukwa chake. Wonena kuti palibe chinamukanikapo, ameneyo sanapangepo kanthu. Ndipo tsiku la intavyu musamalizire m'chipinda chochitira misonkhano. Akhale mayi, akhale bambo, mupite naye ku Luwinga, ku Hardware kapena ku Zigwagwa, mumusiye ola limodzi ndi amisiri, muone ngati akudziwa kufunsa n'kukhala chete kumvetsera, ngati anyamata a m'magalaja akumasuka naye. Pa gulu lomufunsa pakhale mmisiri mmodzi, mlimi kapena mayi wa bizinesi mmodzi, ndi namwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu amenewa ndiwo akudziwa pomwe pakuwawa.

Mukamupeza, mumasuleni manja. Kawirikawiri udindo wotere umaponyedwa pa mphunzitsi yemwe ali kale ndi makalasi a ana mazanamazana, mayeso oti achonge ndi makomiti osatha, n'kumuwonjezera ka alawansi. Mapanga awiri avumbwitsa. Aziphunzitsa kosi imodzi kuti asatalikirane ndi ana, nthawi yotsalayo ikhale ya malowo. Mumupatse zaka zosachepera zisanu, chifukwa makina a ulimi amayesedwa kamodzi pa chaka: ukaphonya nyengo yokolola, udikira chaka chamawa, ndiye kontirakiti ya zaka ziwiri ndi mayesero awiri okha. Asakhale pansi pa dipatimenti imodzi. Choumitsira chimodzi chimafuna wa za dzuwa, wa za zakudya, wa za malonda ndi wojambula, aliyense ali ndi bwana wake, ndipo mtsogoleri wopanda njira yolunjika kwa mkulu wa yunivesite adzathera chaka akugogoda m'maofesi kupempha anthu.

Nkhani yomwe ingaphe malowa mwakachetechete ndi ya kagulidwe ka katundu. Kupanga chinthu chatsopano n'kugula tinthu ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku: mabering'i awiri lero, lamba mawa, paketi ya marodi, mabawuti a saizi ina chifukwa aja sanakwane. Ine ndimatuma mnyamata pa Sacramento, kabaza wa njinga wa kuno, ola lisanathe wabwera nazo. M'mabungwe a boma kabawuti komweko kamafuna makoteshoni atatu, komiti ikhale, pepala lizungulire m'matebulo, mwezi n'kutha, mwana akungoyang'ana felemu yosamalizidwa. Malamulowo ali ndi chifukwa chake. Tonse tikukumbuka Cashgate ya 2013, ndipo sindikupempha kuti muwaphwanye. Ndikupempha kuti mukhale pansi ndi oona za chuma, mupeze njira yovomerezeka ya kathumba ka mwezi ndi mwezi komwe mtsogoleri angagwiritse ntchito tsiku lomwelo, malisiti onse n'kumatidwa poyera kuti aliyense awaone, ofufuza za ndalama azibwera miyezi itatu iliyonse. Akaba, achotsedwe ndipo ayankhe mlandu. Koma kuchedwa nako kumadya ndalama. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife ogula zitsulo tinaona mtengo wa lata ukusintha sabata isanathe. Ndalama yodikira siginecha imasungunuka ngati mchere pa mvula.

Abwenzi akunja adzakupatsani makina okongola, 3D printer youmba zinthu ndi pulasitiki, laser cutter yodula ndi kuwala, makompyuta. Landirani ndi manja awiri, koma mtsogoleri akhale ndi mphamvu yokana ena. 3D printer imadya ulusi wa pulasitiki wofuna ndalama zakunja, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito ya maola 10, zambiri zimangoyambidwanso. Kachubu ka laser kakatha, makina onse agona. Asanalandire afunse kuti sipeya ichokera kuti, akonza ndani, magetsi akazima titani. Kwa ine, lathe yabwino yosemera zitsulo mozungulira, makina opindira malata, choboolera cholimba ndi sola ya mabatire zikhale patsogolo. Ndipo lembani matekinishani okhazikika, muwalipire bwino, muwapatse njira yokwera pa ntchito. Pulofesa akapita ku msonkhano, wotsala ndi ana pa makina ndi tekinishani, ndipo ndi iye amaonetsetsa kuti mwana wavala magalasi asanagwire grinder, ndi kuti wabwerera ku hositelo ndi zala zake zonse.

Tsopano za chitseko, pomwe mtima wanga uli. Ambiri mwa amisiri omwe ndimagwira nawo alibe MSCE. Ena anadzera ku Mzuzu Technical College kapena m'maphunziro a TEVETA, koma ochuluka anaphunzira pa shedi ya amalume awo. Geti la sukulu yaikulu amaliopa okha asanaligogode, poganiza za ID, fomu ya Chingerezi ndi ovololo yawo ya mafuta. Mtsogoleri akonze tsiku limodzi pa sabata, kaya Loweruka masana, loti mmisiri alowe ndi shafti yake, alipire kangachepe, agwiritse ntchito lathe, afunse injiniya chifukwa chomwe chitsulo chake chikuthyokera pamalo amodzimodzi. Ayankhidwe m'Chitumbuka, m'Chitonga, m'Kyangonde, m'Chichewa, chilichonse chomwe wabwera nacho. Ife tili ndi zambiri zoti tiphunzire, sindibisa. Ambiri timapima ndi maso, sitidziwa kuwerengera kulemera komwe chitsulo chingapirire, ndipo tikapanga mawilibala awiri safanana, n'chifukwa chake ogula ambiri nthawi imodzi amatidumpha. Masamu amenewo muli nawo inu. Ife tikudziwa bering'i yomwe imapezeka ndi ku Jenda ndi ku Karonga komwe, mtengo womwe mlimi angalipire atagulitsa soya, ndi pomwe makina amayambira kulira akagwira miyezi itatu pa fumbi. Mukatiitana kudzaphunzitsa ana, mutilipire ngati aphunzitsi, ndipo dzina la mmisiri lilembedwe pa lipoti pambali pa la wophunzira.

Pa dzina pomwepo pali nkhani ya umwini, yomwe yadanitsa anthu ambiri. Chinthu chikapangidwa ndi wophunzira, mphunzitsi ndi mmisiri, pa makina a yunivesite, ndi ndalama za abwenzi, n'chandani? Lembani lamulo lake chinthucho chisanayambe kubweretsa ndalama, m'mawu oti mwana wa chaka choyamba ndi mmisiri amve. Mtsogoleri adziwe njira yolembetsera dizayini ndi patent ku ofesi ya boma ndi ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa umwini wa nzeru, ku Harare, adziwe za COSOMA kwa oimba, olemba ndi ojambula, koma adziwenso kuti zina n'zabwino kuzisiya poyera. Choumitsira chinangwa ine ndikanakonda zojambula zake zigawidwe ulere kwa amisiri a ku Chintheche, Mpamba ndi Usisya, mwini nzeru dzina lake lili pamwamba. Ndipo popeza ufa, uchi kapena mafuta sizilowa m'sitolo zikuluzikulu popanda chidindo cha Malawi Bureau of Standards, pamalowo pakhale munthu woyenda ndi wopanga njira yonse mpaka chidindocho chituluke.

Ndalankhula kwambiri za zitsulo poti ndi zomwe ndikudziwa, koma pa dzina la malowa pali mawu oti luso, musawaiwale. Nkhalango ya Chikangawa, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, yatulutsa matabwa ochuluka omwe tawaona akudutsa mu mzinda muno pa malole, osapala n'komwe, pomwe mipando ya m'maofesi ambiri ndi yochokera kunja. Pakati pa thabwa ndi mpando wogulika ku Lusaka kapena Dar es Salaam pali kuumitsa bwino, kulumikiza bwino ndi diso la wojambula. Khofi wa Mzuzu amadziwika kutali chifukwa alimi a ku Misuku, Phoka, Viphya ndi madera ena anagwirizana n'kumuika m'paketi ya dzina. Mpunga wa Kilombero, uchi ndi usipa zikudikira zomwezo. Matelala a mumsika, osema ziboliboli a ku Nkhata Bay, oluka madengu, achinyamata a mavidiyo ndi a mapulogalamu ngati omwe amasonkhana ku Mzuzu E-Hub, onsewa akhale ndi mpando pamalowo. Mtsogoleri woona ojambula ngati anthu oitanidwa pomaliza kudzapaka utoto adzatulutsa makina olimba omwe amayi sadzawagwira, chifukwa chogwirira chili patali, kapena akulemera kusenza, kapena sakutsukika m'makona.

Inu a ku unduna, gawo lanu nali. Malo otere akangodalira pulojekiti ya abwenzi, pulojekiti ikatha nawo amatha, tekinishani n'kupita, makina n'kuvundikiridwa ndi nsalu. Malipiro a mtsogoleri, a matekinishani ndi ndalama ya sipeya zikhale mu bajeti ya boma chaka chilichonse. Bungwe la National Commission for Science and Technology lilipo kale pansi pa lamulo la 2003. Ndalama zake za kafukufuku zikhale ndi gawo la kupanga kachiwiri ndi kachitatu, osati la nzeru zatsopano zokha. Ndipo kasitomala wamkulu m'dziko muno ndi boma lomwe. Ndondomeko ya Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016. Madesiki a m'sukulu, mabedi ndi matirole a m'zipatala, mbaula zophikira phala la ana, zonsezi zikanajambulidwa ndi kuyesedwa pamalo otere, n'kupangidwa m'mashedi 20 mofanana, ana athu omaliza digiri akuyang'anira miyeso.

Pakutha pa chaka musamufunse kuti wachititsa misonkhano ingati m'mahotela a kunyanja, kapena anthu angati anasaina pa pepala la alawansi. Mufunseni kuti ndi zinthu zingati zafika popangidwa kachitatu, zingati zili m'midzi, mwa zomwe zinaperekedwa chaka chatha zingati zikugwirabe, amisiri angati akudya nazo, atsikana angati agwira makina ndi manja awo. Mapepala a kafukufuku alembedwe ndithu. Koma mphunzitsi amene watha zaka zitatu akuyesa makina m'midzi, ntchito imeneyo iwerengedwe pomukweza monga muwerengera pepala losindikizidwa kunja, apo ayi aphunzitsi anzeru adzawathawa malowo, ndipo sindingawadzudzule, nawonso ali ndi ana. Zolephera nazo zilembedwe ndi kusungidwa. Tonse tikukumbuka pa 18 Disembala 2015 pomwe laibulale ya Mzuni inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Zojambula, miyeso ndi zotsatira za mayesero zisungidwe malo angapo, ndi pa intaneti pomwe, kuti mwana wa chaka chamawa asayambirenso pa ziro chinthu chomwe mnzake anachifikitsa kale pakati.

Mtsikana uja pano ali pa kabenchi m'tauni, akugulitsa mayunitsi ndi kutumizira anthu ndalama pa foni. Timaonana, ndipo miyeso ya chumuni akuikumbukabe. Kope la zojambula zake ndinalisunga m'kabati ya pa shedi, pamodzi ndi za ana ena omwe anadutsa m'manja mwanga. Mtsogoleri wanu akasankhidwa, mumuuze afike ku Luwinga ku mashedi a owotcherera. Mapepalawo ndidzampatsa eni ake akalola, ndipo pa choumitsira chachiwiri ntchito ya manja anga sindidzalipiritsa. Chikufuna malata atatu, fani imodzi, mwini wake apatsidwe kontirakiti ya miyezi 6, ndi galimoto yochitengera ku Chintheche mvula ya Disembala isanayambe.

Ine wanu mwaulemu,
Mmisiri wa zitsulo,
Luwinga, Mzuzu